Mizu Yosungira Mwana Wamwamuna

"Amayi, mumphikamu muli michira yokhayokha."

"Nanga ine ndilibe maso? Ndaikamo ndine. Vundikira, nthunzi ikuthawa."

Lanying sanavundikire. Anapisa kamtengo mumphika wadothiwo n'kuvuula timizu towonda ngati ulusi wosokera thumba, tikudontha madzi akuda. Anatitukulira pamaso pa apongozi ake, mayi Hou, amene anali pampando wawo akusenda mbatatesi ngati kuti pakhomopo palibe nkhani.

"Dzulo anakwana masabata awiri chibadwireni mwana uja, koma Yufen akutayabe magazi. Nsalu zake ndikuchapa ndine, ndikudziwa chimene ndikunena."

"Zoipa zikutuluka. Ntchito ya michira ndi yomweyo."

"Masiku atatu, Amayi! Masiku atatu oyamba, kenako n'kusiya. Ndani sadziwa m'chigwa chino? Mutu wa dangwi umaimitsa magazi, thunthu limabwezera magazi, mchira umawathamangitsa. Munandiphunzitsa ndinu nomwe tsiku limene munandigwiritsa mpeni."

"Ndiye lero wophunzira wasanduka mphunzitsi. Zikomo kwambiri."

Kuno ku mapiri a Minxian dangwi ndiye munda, ndiye khola, ndiye sukulu ya ana. Lanying anali atadula muzu umenewu zaka khumi ndi zinayi pabanja la a Hou, chiyambire kutengwa ndi mwana wawo wamkulu, amene tsopano ankagwira ntchito kutali. Ankatha kukuuza ali chitsinzinire ngati chimene wamununkhitsa ndi mutu, thunthu kapena mchira. Ndiye kumuuza kuti michira ikuchiza, chonsecho mkazi wa mlamu wake akuyera ngati ufa m'chipinda chinacho, kunali kumunyoza.

Anayang'ana kudenga. Zokolola zonse zinali zitapachikidwa m'mitanda, zikuumira utsi wa mapesi a nyemba. Pakati penipeni, pamwamba pa zonse, panali mtolo umodzi womangidwa ndi ulusi wofiira. Inali mizu khumi ndi iwiri, uliwonse kunenepa ngati dzanja la munthu. Mayi Hou anaisankha okha tsiku lokumba.

"Nditsitseko umodzi wokha pamtolo uwo," anatero Lanying.

Mpeni wa mbatatesi unaima. "Ukhudze uone. Imeneyo ndi ya mdzukulu wanga wamwamuna. Tsiku limene Yufen adzatipatse mnyamata, ndidzamuphikira ndekha ndi nyama ya nkhosa, adzamwa mpaka kukana. Uyu wabwerayu ndi mlendo, mawa apita kukasesa pakhomo pa eni. Ndithere mizu yanga pa mlendo?"

"Amene akutha magazi si mwanayo, Amayi. Ndi mayi wake."

"Ine ndinabereka atsikana atatu ndisanaone mnyamata. Katatu konse apongozi anga anandimwetsa michira mwezi wathunthu. Ndinafa? Si ine ndakhala panoyu?"

Nthawi yomweyo analowa Jinsuo, mwamuna wa Yufen, atasenza mapesi. Anali munthu wamtali, wamphamvu zonyamula matumba awiri nthawi imodzi, koma pamaso pa amayi ake ankafupika ngati kamwana.

"Alamu, mwafika bwino," anatero Lanying. "Mkazi wanu mwamuona lero?"

Jinsuo anatula mapesi, nayamba kuwasanja mosamala kwambiri, ngati pali amene adzawawerenge. "Amayi akudziwa za zimenezi, alamu. Ife amuna za m'chikuta sitilowerera."

"Popanga mwanayo munalowerera."

"Lanying!" anakuwa mayi Hou. "Pakamwa pako paja! N'chifukwa chake unangobereka mmodzi, wamkazinso, n'kuuma."

Mawu amenewo anamulasa, ndipo mayi Hou ankadziwa kuti amulasa. Lanying anathira phala la mapira m'mbale, nasiya mankhwala aja pamoto osathirako ngakhale dontho, n'kupita kuchipinda kumene pachitseko panapachikidwa kansalu kofiira.

Chikuta cha kuno ndi mwezi wathunthu. Mchembere satuluka, sasamba, sakhudza madzi ozizira, ndipo zenera amalimata ndi mapepala kuti mphepo isamulowe m'mafupa. Yufen anali gone pabedi lanjerwa losonkhezera moto kunsi, mutu atakulunga mpango, kamwana kakuyamwa bere lopanda kanthu n'kumalira.

"Akulu, musamakangane ndi Amayi chifukwa cha ine," ananong'ona. "Ndamva zonse."

"Tayang'ana kuno." Lanying anamukoka chikope cham'munsi ndi chala. M'malo mofiira, munali mbuu. Anamufinya chikhadabo, ndipo magazi sanabwerere msanga. "Ukaimirira zikukhala bwanji?"

"Nyumba imazungulira. M'makutu mumalira. Koma zitha, akulu. Ndawakhumudwitsa kale ndi mtsikanayu, ndiwavutitsenso ndi matenda?"

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mng'ono wanga. Ine ndinakhala chete ngati iweyo. Ndinamwa michira mwezi wonse ndikuthokoza. Kuyambira pamenepo chisanu chikangoyamba ine chifuwa, wina akayetsemula kutsidya ine chimfine. Thupi langa linatsala ngati nyumba yopanda chitseko. Iwe sindilola. Michira ija usamwenso. Akabweretsa, uzithira mumtsuko wa mkodzo."

Madzulo a tsiku lomwelo Lanying anapita kwa a Bao oyandikana nawo, napempha mathunthu atatu a dangwi ndi mizu ya hwangchi yodzaza manja awiri. Mkazi wa a Bao anamuyang'ana, nayang'ana denga la a Hou limene linkafuka utsi wa zokolola zonse zija, kenako n'kumupatsa. Lanying anaphikira komweko monga mmene aliyense amadziwira, hwangchi magawo asanu, dangwi gawo limodzi. Hwangchi ndi wolimbitsa thupi kuti matenda asamalowe chisawawa, ndipo akuluakulu amati ndiye amakoka magazi atsopano, dangwi n'kumatsatira pambuyo. Anathira m'fulasiki n'kubisa m'chikhoti.

Masiku anayi anayenda choncho. Ndipo kunena zoona, mankhwalawo anagwira. Milomo ya Yufen inayamba kubwerera mtundu, mkaka unatsika pang'ono, anatha kukhala tsonga n'kuseka nthabwala za Lanying zonena mphuno ya kamwanako, yomwe inali ya agogo ake enieni. Lanying mtima unakhala m'malo. Nsalu zinkabwerabe zofiira, koma iye ankadziuza kuti mawa zichepa. Apa ndi pamene analakwa nayenso, ndipo mpaka lero sadzikhululukira.

Tsiku lachisanu mayi Hou analowa m'chipindamo, naima, nanunkhiza m'mwamba.

"Muno mukununkhira thunthu."

Ananunkhizanso.

"Ndati muno mukununkhira thunthu! Mphuno iyi yakalambira mu utsi wa dangwi, simungaipusitse." Anatuluka liwiro kukawerenga mtolo wawo. Atapeza kuti yonse khumi ndi iwiri ilipo, anabwerera atakwiya kuposa poyamba. "Ndiye wakapempha kwa eni? Banja la a Hou, denga lodzaza mizu, kukapempha kwa a Bao! Mudzi wonse uziti ndine mfiti yomana mtengwa wake?"

"Ine sindinanene kanthu, Amayi. Ngati anena, aona okha."

Fulasiki ija inalandidwa n'kutsekeredwa m'bokosi. Lanying anauzidwa kuti akaponda kwa a Bao, akapitirire mpaka kwawo.

Patapita masiku awiri, m'mawa dzuwa litangowomba pamapiri, Lanying analowa ndi phala. Chinamulandira ndi fungo. Silinali fungo la chikuta ayi, linali la chinthu chowola. Yufen ankanjenjemera mpaka mano kugundana, chonsecho bedi linali lotentha. Thupi lake linali moto. Atamuitana, anatsegula maso n'kumutcha dzina la mayi ake omubereka.

Lanying anatuluka akuthamanga. "Alamu! Lizani njinga ija, tikupita kuchipatala!"

Jinsuo anataya fosholo. Koma asanafike pamene panali njinga yamoto ya matayala atatu yonyamulira mizu, amayi ake anali ataima kale pakhomo la chipindacho, manja atatambasula.

"Sapita kulikonse. Atsala ndi masiku asanu ndi awiri. Munamuona kuti mchembere akudumpha chipata mwezi usanathe? Mphepo ikamulowa m'mafupa mudzamunyamula ndinu moyo wake wonse? Nanga magazi akewo akadetsa pachipata, tsoka lake ligwera ndani? Si ana anga?"

"Amayi, munthu akufa."

"Ndi kutentha kwa mkaka kumeneko. Ndimufunditsa, atuluke thukuta. Mawu a akulu amakoma akagonera, mwana iwe."

"Agonera masabata atatu, Amayi, ndipo awola. Lowani mununkhize." Anatembenukira kwa Jinsuo. "Alamu, makiyi."

Jinsuo anali nawo m'manja. Anayang'ana amayi ake, nayang'ana makiyi, nayang'ananso amayi ake. "Mwina tidikire mpaka masana, alamu. Tione ngati..."

"Pakadafunda padajiwitsa galu! Inenso ndadikira, ndi izi ndadikirirazi." Lanying analoza kuchipinda. "Chabwino. Khalani ndi makiyi anuwo, muwagoneke pambali panu akapita mkazi wanu."

Sanawakankhe apongozi ake, tisamunamizire. Anangowerama n'kudutsa kunsi kwa mkono wawo. Anamukulunga Yufen m'mabulangete awiri, namumanga mpango kumaso, namubereka kumsana ndi lamba wa katundu. Mayi wamkulu ndithu, koma kupepuka kwake kunamuopsa Lanying kuposa kutentha kuja. Potuluka anawauza mayi Hou kuti, "Mwana ali pabedi. Mkaka waufa uli kwa a Bao. Mukapemphe."

"Ukadumpha chipata icho usabwererenso!"

Lanying anadumpha.

Kuchipatala cha kumsika ndi makilomita asanu ndi anayi, njira yotsetsereka, chisanu chitaundana m'mbali. Sanaganize n'komwe ngati akafika. Ankangoponya phazi patsogolo pa linzake. Pabwalo lopunthira, amayi amene ankasankha mizu padzuwa anasiya ntchito n'kuimirira.

"Si mtengwa wa a Hou uyo? Wam'chikuta uja?"

"Ndi yemweyo!" anayankha Lanying mokweza, osaima. "Amuna a kwathu ali otanganidwa, akusunga makiyi!"

Asanafike pamlatho anamva njinga ikulira kumbuyo. Jinsuo anaima pambali pawo, nkhope ili gwa, misozi ikutsikira m'ndevu. Anamumasula mkazi wake kumsana kwa Lanying, namugoneka pamatumba, navula chikhoti chake n'kumufunditsa.

Kumsika sanawasunge n'komwe. Namwino atangoona, anawakweza galimoto ya odwala kupita kuchipatala chachikulu cha kuboma. Kumeneko dokotala wake anali mayi wamfupi wa imvi, wolankhula mosapsatira. Atamuyeza Yufen, anatuluka atavula magolovesi n'kufunsa kuti mwini wodwala ndani.

"Kachidutswa ka nsengwa imene mwana amabadwa nayo kanatsalira m'chiberekero," anatero. "Kakhala kakuwola masabata atatu. Magazi amene watsala nawo sakwana theka la a munthu. Munali kuti masiku onsewa? Mumamupatsa chiyani?"

Jinsuo anaweramitsa mutu. Anayankha ndi Lanying. "Masabata awiri michira ya dangwi. Kenako ine ndinamupatsa thunthu ndi hwangchi. Anayamba kuoneka bwino, ndiye ndinaganiza kuti..."

"Michira kwa munthu wotaya magazi! Inu anthu olima dangwi amene?" Dokotalayo anapukusa mutu. "Mverani, mayi. Msuzi wa thunthu ndi hwangchi inenso ndimamwa, amayi anga anandilera nawo. Koma mtsuko wobooka umayamba wamata, kenako n'kuthiramo madzi. Inu mumathira pamwamba, pansi pakutuluka. Mukanabwera sabata yoyamba, inali ntchito ya mphindi makumi awiri. Pano ndiyesetsa kupulumutsa munthu. Chiberekero sindikulonjeza."

Anamupatsa Jinsuo pepala loti asaine. Dzanja lija lonyamula matumba awiri linalephera kugwira cholembera, mpaka Lanying anachita kuligwira pamkono.

Yufen anapulumuka. Anamuika magazi mabotolo anayi, ndipo Jinsuo anapereka botolo limodzi la magazi ake kubwezera chipatala. Chiberekero anachotsa. Atadzuka n'kuuzidwa, sanalire mokweza. Anangofunsa kuti, "Amayi mwawauza?" Jinsuo anati ayi. Tsiku lililonse ankawaimbira pa foni ya kwa a Bao kuti awauze, koma tsiku lililonse ankangonena kuti wodwala akupezako bwino.

Anakhala masiku khumi ndi awiri. Potuluka dokotala anawapatsa mapiritsi owonjezera magazi, n'kumuloza Lanying ndi chala. "Mapiritsi asadumphe. Nyama, mazira, chiwindi. Msuzi wanu uja muyambe tsopano, bala lauma. Thunthu, mwamva? Ndikadzamva za michira ndidzabwera konko ndekha."

Anafika pakhomo masana. Mwezi unali utatha kale, kansalu kofiira katachotsedwa. Mayi Hou anawachingamira pachipata atanyamula kamwana kaja m'chikhoti chawo, kali ndi chipewa chatsopano chosokedwa pamanja. Za kuthamangitsa Lanying sanazitchulenso.

"Kamwana kanu aka n'kosusuka," anadandaula. "Sikagona, sikakhuta. Kandithera tulo." Koma Yufen atatambasula manja, anachedwa kukapereka.

Atamugoneka wodwala, Lanying sanavule n'komwe nsapato. Anatenga makwerero, nawatsamiritsa pamtanda wapakati, nakwera. Utsi unamuluma m'maso. Anadula chingwe n'kutsika ndi mtolo wa ulusi wofiira, nauika pathabwa lodulira.

Mayi Hou anamutsatira. Anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma anakumbukira nkhope ya Yufen imene anaiona pachipata, ndipo mawu anatsika.

"Chabwino," anatero. "Wavutika, amwe. Sindine chinyama ine. Tenga iwiri. Itatu kaya. Inayo ubwezere kumwamba. Akalimba, chaka chamawa kapena chinacho, mnyamata akabwera tidzamuphikira chiyani?"

Lanying anayang'ana Jinsuo, amene anaima pakhomo ndi thumba la mankhwala. Anamuyang'anitsitsa osaphethira. Nkhani iyi sanafune kumunyamulira. Anali atamunyamulira kale mkazi kumsana.

Jinsuo anaika thumba pansi.

"Amayi, mnyamata sabwera."

"Ukudziwa bwanji iwe? Ine ndinabereka atatu ndisana..."

"Anachotsa chiberekero. Chinawola. Adokotala anati tikanapita sabata yoyamba sichikanachotsedwa." Anapuma movutika. "Ndinasaina ndine. Makiyi ndinali nawo ine. Mizu inali pamwamba pa mutu wanga tsiku lililonse, ndikusonkhezera utsi. Mwana wathu ndi yemwe mwamusokera chipewayo, Amayi. Wina kulibe."

Mayi Hou anafufuza mpando ndi dzanja kumbuyo kwawo, naupeza, nakhala. Anayang'ana mtolo uja nthawi yaitali. Milomo inkagwedera ngati akuwerenga.

"Ine ndinamwa katatu," anatero chapansipansi, osauza aliyense. "Sindinafe."

Madzi akatayika saoleka, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa zimenezo popanda wonena.

Lanying anamasula ulusi wofiira n'kuuponya pamoto. Anatenga muzu woyamba, naugoneka pansi pa mpeni. Mutu uko. Michira uko. Thunthu analidula tizidutswa topyapyala, toyera mkati, ndipo fungo lake lokoma linadzaza nyumba mpaka kuchipinda kwa wodwala. Anatenga wachiwiri, kenako wachitatu. Atatenga wachinayi anadikira pang'ono kuti amve ngati wina aletsa. Kunali zii. Anadula yonse khumi ndi iwiri.

"Alamu," anatero osadzutsa mutu, "nkhosa ija yonenepa. Lero."

Jinsuo anatenga mpeni waukulu n'kutuluka, osayang'ana kwa amayi ake.

Lanying anayeza hwangchi magawo asanu, dangwi gawo limodzi, nathira m'mbale kuti atsuke. Atatembenuka kukatunga madzi, anamva mpando ukukhwekhwereza. Mayi Hou anali atasendera pafupi ndi mbaleyo. Sanapepese, ndipo Lanying sanayembekezere kuti apepesa. Anangopisa zala zawo zokhota m'tizidutswamo, navundula, navundulanso, mpaka anapeza kamchira kamodzi kamene kanagweramo mwangozi, kochepa ngati tsitsi. Anakatola, nakayang'ana pafupi ndi maso, n'kukaponya pamoto. Kenako anayambiranso kufufuza.